Zoyera Zinatuluka Zapinki

Inali cha m'ma naini koloko m'mawa. Mvula inali italeka, koma mitambo inali ikadalendewera pamwamba pa madenga, ndipo m'mbali mwa msewu munali zithaphwi zokhazokha. Injiniya anatsika basi pakona, laputopu ili m'chikwama kumsana, n'kuyamba kulumpha matope kulowera ku situdiyo ya bambo ake. Dzina la Injiniya anamupatsa ndi bambo akewo ali kamtsikana kakang'ono, tsiku limene anamasula wailesi ya m'nyumba n'kulephera kuibwezera. Linamukakamira mpaka kukula, ngakhale kuti ntchito imene anadzaigwira sinali ya sipanala ayi, inali yolemba mapulogalamu a kompyuta.

Amene anamuitana anali mayi telala, oyandikana ndi situdiyoyo. Anamuimbira foni m'mamawa, ndipo moni anachita wachidule. Anangoti abwere msanga chifukwa bambo ake akulongedza katundu, akuti ntchito yojambula aisiya, ndipo iwo akuopa kuti pakamwa pawo ndi pamene payambitsa zonsezi.

Situdiyo inali chipinda chimodzi chachitali, chopanikizika pakati pa shopu ya telalayo ndi malo ometera tsitsi. Kumapeto kwake kunali nsalu yabuluu yopachika kukhoma, mpando wa mikono umene ana ankaukwera ndi nsapato, ndi magetsi awiri okhala ndi maambulera. Pafupi ndi khomo panali galasi lodziyang'anira, ndi chipeso chomangidwa ku kachingwe kuti chisapite ndi makasitomala. Injiniya anapeza magetsi aja atagonekedwa pansi. Bambo ake anali atakhala patebulo, akukulunga magalasi a kamera m'matawulo akale, limodzi limodzi, mosathamanga.

Atapatsana moni, bambowo anafunsa ngati kuntchito kwake atseka. Iye anati ntchito yake imayenda naye m'chikwama. Anamuyang'ana pamwamba pa mandala awo, n'kunena kuti akudziwa kuti wamutuma ndi mneba uja, munthu amene singano imamuthawa m'manja koma nkhani sizimuthawa. Kenako anatsegula kabati n'kutulutsa envelopu yaikulu, yonyowa pakona.

Zinali zithunzi za ukwati wa mwana wa telala. Diresi la mkwatibwi analisoka ndi mayi ake omwe, kwa miyezi, ndipo aliyense wodutsa pamsewuwo analiona likukula pang'onopang'ono pa chidole cha pawindo. Linali loyera mbee. Koma pa zithunzizo, paliponse pamene dzuwa linamenya kwambiri, paphewa, pa nsalu ya kumutu, ngakhale pa mitambo kumbuyo kwa tchalitchi, panali pa pinki, ngati diresi lachapidwa limodzi ndi bulangete lofiira. Mayi telala atabwera nazo dzulo lake, anaseka mokweza ali pakhomo, kufunsa kuti aneba awapentera liti diresi, popeza iwo anasoka loyera. Ometa anamva, ometedwa anamvanso.

“Kuseka kwawo sikunandipweteke,” anatero bambowo. “Chandipweteka n'chakuti ndinaziyang'ana ndisanaziike mu envelopu. Ndinaima nazo pawindo apo. Ndinaona zoyera.”

Anati kuchipatala anawauza kale kuti ng'ala yayamba, iwo n'kumati madokotala amakonda kuopseza anthu. Tsopano aona okha. Kamera yakalamba ndipo yayamba kunama, mwini wake wakalamba ndipo sangathe kuigwira bodza. Nkhalamba ziwiri sizingatsogolerane njira.

Injiniya anagwira chithunzi chimodzi nthawi yaitali. Sankafunika kuchiyang'anitsitsa. Anali atadziwa kale atangoona phewa la mkwatibwi.

Kamera ya bambo ake inali yakale, yakuda, yosupuka penti m'makona. Bambowo sankalola kuti kamera iziwaphikira zithunzi yokha. Ankajambula zimene ojambula amati zaziwisi: kamera imangowerenga kuwala kumene kwalowa, kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, n'kusunga manambala okhaokha, ndipo kuphika kumachitika pa kompyuta. Chimene chimawerenga manambalawo n'kuwasandutsa chithunzi ndi laibulale, mulu wa malangizo a kompyuta umene mapulogalamu ambiri amabwereka m'malo molemba awo. Laibulale imene inali pa kompyuta ya mu situdiyoyo ankaisamalira ndi Injiniya, mothandizana ndi anzake angapo a m'mayiko ena amene nkhope zawo sankazidziwa. Ndi iye amene anaiika pa kompyutayo, ndipo ndi iyenso amene anaikamo yatsopano atabwera kudzacheza mwezi watha.

Kamera iliyonse ili ndi denga, nambala imene imasiyira kuwerenga kuwala kukachuluka. Zonse zimene zafika padengapo ziyenera kutuluka zoyera. Makamera ambiri amalemba denga lawo m'fayilo moona. Ya bambo akeyo inkadzitama: inkalemba denga lalitali koma yokha n'kumaimira pansi. Laibulale ikaikhulupirira, imaganiza kuti kuwalako sikunadzaze, imayamba kulinganiza mitundu, zofiira ndi zabuluu n'kupitirira zobiriwira, zoyera n'kusanduka zapinki. Injiniya ankazidziwa izi kuposa wina aliyense, chifukwa zaka zapitazo analemba yekha timizere tapadera touza laibulale kuti kamera imeneyi isamaimvere.

Ndipo timizereto anatichotsa yekha. Ankasesa m'laibulale, kuchotsa zakale zosagwira ntchito, ndipo atatichotsa mayeso onse anadutsa osadandaula. Mayesowo ndi zithunzi zaziwisi za makamera osiyanasiyana zimene zimaphikidwa m'mawa uliwonse n'kuonekera pa sikirini mondandalikana, kuti china chikasintha mtundu munthu adziwe. Sanadandaule chifukwa chithunzi chokhacho cha kamera imeneyi chinali chitachoka kale pamndandandawo. Chinali chithunzi cha amayi ake.

Anali ataima pakhomo la situdiyo lomwelo, mu yunifolomu yawo yoyera ya unamwino, dzuwa lili paphewa, diso limodzi atatsinzina, pakamwa pali potsegula chifukwa ankakalipira amuna awo kuti afulumire basi ingawasiye. Pa ntchito yoyesera zoyera chinali chithunzi chabwino koposa. Koma maliro atatha, Injiniya atabwerera kuntchito, m'mawa uliwonse akayatsa kompyuta ankakumana nawo, pakati pa chithunzi cha mphaka wa munthu wina ndi cha mlatho wa dziko lina. Anapirira milungu ingapo. Tsiku lina anachichotsa, n'kuuza anzake aja kuti foda ya zithunzizo yalemera. Palibe anafunsa.

Zonsezi zinadutsa m'mutu mwake ali chigwirire chithunzi cha ukwati. Koma chimene chinatuluka pakamwa pake n'chakuti mwina vuto ndi pulinta.

Bambo ake anati inki anasintha posachedwa. Iye anati aonabe. Anayatsa kompyuta ya mu situdiyo, anasindikiza pepala loyesera mitundu, analipenda ngati pali chopenda, anagwedeza nthambo kumbuyo. Bambowo anamusiya, n'kupitiriza kukulunga magalasi awo. Phokoso la makina osokera linkamveka kuseri kwa khoma, kuyamba n'kuima, kuyamba n'kuima, ngati mwini wake akutchera khutu.

Pulinta itapezeka yosalakwa, Injiniya anatulutsa laputopu yake n'kukopera fayilo imodzi ya ukwatiwo. Anaiphika ndi laibulale yatsopano: pinki. Anatsitsa ya chaka chatha n'kuiphikanso: diresi linayera. Apa munthu wodziwa kale yankho akanangopita pamalopo. Iye anayenda njira yaitali, imene amayenda munthu wosadziwa. Anatenga laibulale ya pakati pa ziwirizo n'kuyesa, kenako ya pakati pa zotsalazo, kumangodula pakati, kudikira kompyuta imange laibulaleyo, kuyesanso. Ankayenda ngati munthu wopita kukapepesa maliro atachedwa, amene amaima pa golosale iliyonse ya m'njira. Ali mkati modikira anakumbukira zinanso: munthu wina wa kutali, amene anali ndi kamera ya mtundu womwewo, analemba milungu yapitayo kudandaula kuti chipale chofewa, choyera chija chimagwa kwawo nthawi yozizira, chikutuluka chapinki. Injiniya anamuyankha mwaulemu kuti atumize fayilo, ndipo fayilo itabwera sanaitsegule.

Njira yaitali ija inathera pamene inayenera kuthera. Anabwezera timizere tija, anamanganso laibulale, n'kuphika chithunzi cha mkwatibwi. Phewa linayera, nsalu ya kumutu inayera, mitambo inabwerera kukhala mitambo. Ntchito yeniyeniyo sinatenge ngakhale nthawi yowiritsa madzi.

Kenako anaona kuti pali khomo lina lotulukira. Chithunzi cha mwana wa telala chinali nazo zonse zofunika: kamera yomweyo, dzuwa lomwelo, nsalu yoyera. Akanangopempha chilolezo n'kuchiika pamayeso, dzenje likanatsekeka, ndipo amayi ake akanakhala kumene anawaika. Bambo ake akanangowauza kuti kompyuta inasokonezeka, ndipo sikukanakhala kunama kwenikweni.

Anawaitana kuti adzaone. Anabwera tawulo lili m'manja, anawerama, nkhope pafupi ndi sikirini. Iye anaika zithunzi ziwirizo moyandikana, chapinki ndi choyera, n'kunena kuti kamera ilibe mlandu, vuto linali m'laibulale, ndipo lakonzeka. Anafotokoza za denga lija. Bambowo anagwedeza mutu, chifukwa nkhani ya kamera yodzitama ankaidziwa; ankaikonda kuinena kwa makasitomala, kuti kamera yawo ili ndi khalidwe la mlamu wawo wina. Anakhala pa mpando wa mikono uja, n'kupukuta mandala awo ndi tawulo.

“Nanga amayi ako anali kuti?” anafunsa.

Sanafunse mokalipa. Ankafunsa ngati munthu amene akudabwa kuti mlonda wodalirika wagona bwanji. Chithunzi chija anachipereka ndi iwo, ndipo ankanyadira nacho. Amayi ali moyo, bambowo ankawaseka kuti alembedwa ntchito yachiwiri yopanda tchuthi. Atamwalira, bambowo ankauza aliyense wofuna kumva kuti akazi awo akadali pa ntchito, amayendera zithunzi za dziko lonse m'mawa uliwonse, ndipo chilichonse chodetsedwa sichingawadutse, monga momwe sankalolera nsalu yakuda pabedi la wodwala.

Makina osokera kuseri kwa khoma anali ataima. Injiniya anayang'ana kiyibodi.

“Ndinawachotsa, Bambo.”

“Anthu ako aja anadandaula?”

“Ayi. Ndinawachotsa ndekha. Ndinkalephera kuyamba ntchito.”

Anawauza zotsalazo mwachidule: kuti patapita miyezi anachotsanso timizere toteteza kamera yawo, kuti palibe chinamuchenjeza chifukwa wochenjezayo anali atamuchotsa, kuti laibulale yolakwikayo anabwera nayo yekha mu situdiyo muno, ndiponso kuti anadziwa atangoona chithunzi choyamba, za pulinta zija kunali kuzengereza chabe.

Bambowo anavala mandala, anawavulanso. Kenako anadzuka n'kukathira madzi m'ketulo, ngakhale kuti tiyi anali atamwa kale. Ali chopereka msana anamufunsa kuti kodi waona kuti masiku ano onse ofuna kujambulidwa panja amawatengera kuseri, kukhoma la ometa, ngakhale kuti kuwala kwabwino kuli pakhomo, paja anaima amayi ake? Injiniya anati sanazindikire. Iwo anati mayi telala anazindikira kalekale, koma pa chimenechi chokha anatseka pakamwa.

Ketulo inayamba kulira. Anaizimitsa madzi asanawire.

“Zako wakonza,” anatero. “Koma pinkiyo ine sindinamuone. Pamenepo palibe mzere umene ungabwezere.”

Injiniya anadziwa kuti zinali zoona. Akanakonda kuti mlandu wonse ukhale wake, auyalule, aupinde, bambo ake atsale oyera. Koma kulakwa kwake kunangovundukula chinthu chimene chinalipo kale. Chikanakhala kuti sanachotse amayi ake, bambowo akanajambulabe chaka china kapena ziwiri osadziwa, laibulale ikuwaonera zimene maso awo asiya kuona. Sankadziwa ngati zimenezo zikanakhala zabwino kapena ayi. Ankangodziwa kuti adziwira pamaso pa ometa ndi ometedwa, ndipo wawachititsa ndi iye.

Anasindikiza chithunzi chokonzedwacho pa pepala lalikulu. Pulinta isanamalize n'komwe, mayi telala anali atafika pakhomo, tepi yoyezera ili m'khosi, akuti abwera kudzabwereka sizasi, iwo amene anali ndi masizasi odzaza kabati. Anaona pepala likutuluka, analilanda lisanaume, n'kupita nalo pawindo. Analiyang'ana chapafupi, analitalikitsa, anapenda mpaka mikanda ya pakhosi.

“Ili ndiye diresi langa,” anatero. “Aneba, mwalichapa ndi sopo wanji?”

Bambowo anati wachapa ndi Injiniya, yemwenso analidetsa. Mayi telala anayang'ana mtsikanayo, anayang'ana bambo ake, ndipo mwina anamva zambiri kuseri kwa khoma kuposa zimene anaonetsa, chifukwa sanafunse. Anangoti ana a masiku ano ndi otero, amakuthyola mwendo n'kukugulira ndodo yokongola. Kenako anaona magetsi ali pansi, n'kufunsa kuti ndiye katunduyu akupitabe? Bambowo anati maso ndi omwe aja.

Mayi telala anakhala pampando osauzidwa. Anati iwo ulusi kulowetsa pa singano anasiya kalekale, amachita kuitana wometa, ndipo palibe anamvapo kuti shopu yatsekedwa. Anati mchemwali wawo anachotsedwa ng'ala chaka chatha, pano amaona mpaka zimene sizikumukhudza. Ndipo pakali pano, khoma ndi limodzi: chithunzi chikatuluka, agogode, iwo abwera kudzaona ngati choyera chili choyera, popeza ntchito yopeza zolakwa za anthu amaigwira kale mwaulere. Bambowo anati ndiye kuti m'tauni monse muzidziwika amene wajambulitsa ndi amene waima naye. Mayi telala anati zimenezo zimadziwika kale.

Bambowo sanalonjeze kanthu. Za kuchipatala anati aziona. Mayi telala anatuluka ndi chithunzi chawo, sizasi osaitenga, ndipo posakhalitsa anamveka akuitana ometa kuti adzaone diresi.

Atatsala awiri, Injiniya anafunsa ngati fayilo yaiwisi ya chithunzi cha amayi ikadalipo, chifukwa yake anaifufuta. Bambowo anatsegula kabati ya pansi n'kutulutsa kachitini ka masiwiti, modzaza timakadi ta kamera, kalikonse m'kapepala kake. Sanafufuze nthawi yaitali. Anamupatsa kakadiko n'kunena kuti ngati zikumuvuta asadzikakamize, cha mwana wa telala chingagwire ntchito yomweyo. Iye anati aika zonse ziwiri.

Chithunzi chitatseguka, anayamba wachiphika ndi laibulale yolakwika ija, kuti atsimikize kuti mayeso akanaigwira. Yunifolomu inatuluka yapinki kuyambira paphewa mpaka pachifuwa. Bambo ake, amene anali ataima kumbuyo kwake, anafunsa kuti ikuoneka bwanji. Anawauza. Anaseka pang'ono m'mphuno, n'kunena kuti mwini wake akanaona, tonse tikanagona panja. Kenako Injiniya anachiphika ndi yokonzedwayo, ndipo amayi anayera, diso limodzi chitsinzinire, akukalipirabe za basi. Injiniya anawayang'ana mpaka pamene anatha kupirira, ndipo anapeza kuti ndi nthawi yotalikirapo kuposa mmene ankaganizira.

Kunja mitambo inali itang'ambika, dzuwa likuwala pa zithaphwi. Pakhomo panagogoda bambo wina wa malaya oyera, tayi ili m'thumba, kufunsa ngati akujambula, chifukwa akufuna chithunzi cha chiphaso cha kuntchito ndipo wauzidwa kuti pano atseka. Wojambulayo anayang'ana magetsi amene anali pansi, anayang'ana matawulo ali patebulo. Anafunsa kuti wamuuza ndani zimenezo. Kenako anamulozera galasi ndi chipeso, n'kuyamba kumasula tawulo limodzi.

Injiniya anawathandiza kudzutsa magetsi, n'kubwerera pa laputopu yake. Anabwezera amayi ake pamndandanda, pakati pa mphaka ndi mlatho, anayambitsa mayeso onse, ndipo akudikira anatsegula fayilo ya munthu wa chipale uja n'kuyamba kumulembera yankho. Kumbuyo kwake bambo ake ankauza kasitomala kuti akweze chibwano pang'ono, atsitse phewa lakumanzere, ndipo asapume kaye.